Njanji zikumana pa Nkaya, koma katundu wathu akadali pamsewu

Pa Nkaya, kum'mwera kwa tauni ya Balaka, ndi pamene njanji za dziko lino zimakumana. Ina imachokera ku Limbe. Ina imakwera kumpoto kudzera pa Balaka, Salima ndi Lilongwe mpaka ku Mchinji. Ina imalowera kuvuma, kuoloka Shire pa Liwonde, kudula boma la Machinga n'kukatulukira pa Nayuchi. Yatsopano kuposa zonse imachokera ku Moatize, m'chigawo cha Tete, kudzera ku Chikwawa, Mwanza ndi Neno. Sitima yaitali kwambiri yodutsa pamenepa ndi ya malasha: mabogi 120 okokedwa ndi mitu inayi ya dizilo, utali wake kupitirira kilomita. Wakabaza akaipeza pamphambano amatsika n'kutsamiritsa njinga, chifukwa amadziwa kuti ayimapo ndithu.

Chakuzambwe pang'ono, pamsewu wa M1 wodutsa pa Phalula ndi pa Chingeni, pamayenda mdipiti wina usana ndi usiku. Ndi mathiraki a feteleza, simenti, tirigu ndi makontena, komanso mathanki a petulo ndi dizilo ochokera ku Beira. Ena achokera ku Durban, mtunda woposa makilomita 2,000. Katundu wochuluka kwambiri amene Amalawi timagula kunja ndi amene timagulitsa kunja amayenda chomwechi, pamateyala. Choncho boma la Balaka lili ndi njanji yolimba kuposa ina iliyonse imene dziko lino linakhalapo nayo, koma katundu wolemera amene njanjiyo imanyamula ndi wongodutsa, si wathu.

M'maiko olemera akamakamba zochepetsa mpweya wa kaboni pa njanji, nkhani imathamangira ku sitima za magetsi, za mabatire ndi za haidrojeni. Kuno nkhaniyi iyenera kuyambira pena. Ine ndikuona kuti utsi waukulu umene njanji yathu ingachotse mumlengalenga si wotuluka pamwamba pa mutu wa sitima ayi, koma wa mathiraki mazanamazana amene akusenza katundu woyenera kukhala m'mabogi.

Masamu a dizilo

Lita imodzi ya dizilo ikapsa imatulutsa mpweya wa kaboni wolemera makilogalamu awiri ndi theka n'kapamwamba. Injini ya thiraki ndi injini ya sitima sizisiyana pamenepa. Kusiyana kuli pa ntchito imene litayo imagwira. Gudumu lachitsulo likamagubuduka pa njanji yachitsulo silikanirira ngati mmene teyala limachitira pa phula. Njanji imamangidwanso mopewa zitunda zikuluzikulu, ndipo mabogi otsatizana amabisalirana mphepo. Ku America, kumene pafupifupi sitima zonse za katundu n'zadizilo ngati zathu, bungwe la makampani a njanji limawerengera kuti sitima imagwiritsa ntchito mafuta ochepa katatu kapena kanayi poyerekeza ndi thiraki pa katundu wolemera mofanana, ndipo kusamutsira katundu pa njanji kumadula mpweyawu ndi magawo ofika 75 pa 100 alionse. Mu 2019 bungwe la International Energy Agency linapeza kuti njanji zimanyamula magawo 8 pa 100 a maulendo a anthu ndi magawo 7 pa 100 a katundu padziko lonse, koma zimadya magawo awiri okha a mphamvu zonse zimene zimathera pa mtengatenga.

Tibwere nazo kwathu ziwerengerozi. Sitima imodzi ya malasha yodutsa pa Liwonde imakhala itasenza matani oposa 7,000. Thiraki yaikulu imanyamula matani pafupifupi 30. Kuti katundu wa sitima imodziyo ayende pamsewu pangafunike mathiraki oposa 200, iliyonse ndi injini yake, iliyonse ikufukula phula pa Zalewa ndi kuima pamzere pasikelo ya ku Balaka.

Wina afunsa, ndipo afunsa bwino: nanga ife zikutikhudza bwanji? Mmalawi mmodzi amatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a tani ya mpweya wa kaboni pachaka kuchokera ku mafuta, pamene munthu wa ku America amapitirira matani khumi. Ngakhale pa mpweya wochepa umene dziko lino limatulutsa, wambiri umachokera ku ulimi ndi kutha kwa nkhalango. Matumba a makala ondandalikidwa m'mbali mwa M1 ndiwo umboni wake. Mlandu wa kutentha kwa dziko si wathu. Koma dizilo aliyense amene thiraki imawotcha tinamugula ndi ndalama zakunja, zomwe zija zimati zikasowa tonse timagona pamizere ya mafuta. Kwa ife, kuchepetsa utsi ndi kusunga madola ndi ntchito imodzi. Ndipo boma linalonjeza kale: mu 2021, potsatira pangano la ku Paris, Malawi anauza maiko anzake kuti pofika 2040 adzachepetsa mpweyawu ndi magawo 51 pa 100 poyerekeza ndi mmene ukanachulukira, magawo 6 ndi mphamvu zake ndipo 45 ngati thandizo lakunja lipezeka. Ndondomeko ya mtengatenga ya 2017 mpaka 2037 nayo imanena zosamutsira katundu wolemera pa njanji ndi pa nyanja.

Mmene katundu anathawira njanji

Si kale kwambiri pamene zinthu zinali mwina. Njanji yoyamba, ya kampani ya Shire Highlands Railway, inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje. Mu 1935 mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unatha kumangidwa, ndipo chaka chomwecho njanji inapitirira kuchoka ku Blantyre mpaka ku Salima. Balaka anakula chifukwa cha siteshoni ya panjira imeneyi. Nthawi imeneyo mitu ya sitima inkayendera nthunzi, moto wake wa nkhuni ndi malasha; amene akufuna kuona mtundu wake apite kunyumba yosungirako zakale ku Chichiri. Dizilo analowa m'zaka za m'ma 1960. Mu 1970 anatsegula njanji ya Nkaya kukafika ku Nayuchi, yolumikiza dziko lino ndi doko la Nacala, ndipo pofika 1980, ndi thandizo la dziko la Canada, njanji inali itafika ku Lilongwe ndi ku Mchinji. M'zaka zimenezo fodya, tiyi, shuga, mafuta ndi feteleza pafupifupi zonse zinkalowa ndi kutuluka pa sitima.

Nkhondo ya ku Mozambique ndiyo inadula zonsezi. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1980 njira ya ku Beira ndi ya ku Nacala zonse zinali zitatsekeka, mlatho wa Dona Ana unaphwanyidwa, ndipo katundu anayamba kuzungulira pamsewu kudzera ku Tete, ku Zambia mpaka ku Durban ndi ku Dar es Salaam. Nkhondo inatha mu 1992, koma katundu sanabwerere. Makampani a mathiraki anali atakhazikika, amalonda anali atazolowera kulandira katundu pakhomo, ndipo njanji inali itakalamba.

Chimene nkhondo inasiya, madzi anamaliza. Mu 1997 madzi osefukira anakokolola njanji pa Chiromo, Bangula n'kuduka. Mu 1999 boma linapereka njanji m'manja mwa kampani ya Central East African Railways, imene ambiri amangoti CEAR. Patangopita zaka zitatu n'kanthu, kumayambiriro kwa 2003, mtsinje wa Rivirivi konkuno ku Balaka unakokolola mlatho wa njanji, ndipo Lilongwe ndi chigawo chonse chapakati zinakhala zopanda sitima kwa zaka ziwiri. Mlathowo unamangidwanso, koma malo ena panjira ya ku Salima ndi ku Lilongwe anapitirira kukokoloka nyengo za dzinja zotsatira. Wamalonda amene feteleza wake wakhala m'bogi mwezi wathunthu kudikira kuti mlatho ukonzedwe sabwereranso chaka chamawa, ndipo sitingamudzudzule.

Apa ndi pamene ndimaona kuti nkhani ya nyengo ndi nkhani ya njanji n'zolukana kuposa mmene timaganizira. Mvula yamkuntho imene ikuchulukira chifukwa cha kutentha kwa dziko ndiyo ikugumula milatho, ndipo mlatho ukagumuka katundu amathawira ku mathiraki otulutsa utsi wochuluka. Taona Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu 2023. Mitsinje ngati Rivirivi imatsika kuchokera kumapiri a ku Ntcheu kumene mitengo inatha, choncho madzi amabwera nthawi imodzi, atasenza mchenga ndi zitsa. Mlatho wotalikirapo, ngalande zotakata ndi mitengo yobzalidwa kumtunda kwa mtsinje sizimveka ngati nkhani ya kaboni, koma pa njanji ya Nkaya kupita ku Mchinji palibe ntchito ina yochepetsa utsi yoposa imeneyi. Sitima yosadalirika siichotsa thiraki ngakhale imodzi pamsewu.

Kuti zimatheka tinaziona mu Julayi 2024, pamene sitima ya mafuta a bungwe la NOCMA inachoka ku Nacala, kulowa pa Nayuchi, kudutsa pa Liwonde, Nkaya, Balaka ndi Salima n'kukafika ku Kanengo. Inali yoyamba kufikitsa mafuta ku Lilongwe patapita zaka 21. Mabogi ake 16 ananyamula malita 640,000 a dizilo, katundu wa mathanki apamsewu pafupifupi 20. Mu Seputembala chaka chomwecho sitima ina ya mafuta inafika pa Marka ku Nsanje kuchokera ku Beira. Zinali zosangalatsa, koma sitima yolandiridwa ndi nyimbo ndi magule siisintha kanthu ngati sabata yotsatira sikubwera inzake. Tsiku limene sitima ya mafuta idzadutse pa Balaka popanda wojambula aliyense ndi pamene tidzati ntchito yayamba.

Njanji yomangidwira malasha

Pali choonadi china chosautsa chimene sitiyenera kuchizemba. Njanji yabwino imene tili nayoyi inabwera chifukwa cha malasha. Kampani ya Vale ya ku Brazil, itatsegula mgodi ku Moatize, inafuna njira yotulutsira malasha ake kupita kudoko lakuya la Nacala, ndipo njira yachidule inali yodula pakati pa Malawi. Kuyambira mu 2012 anamanga njanji yatsopano ya makilomita oposa 130 kuchoka kumalire a ku Chikwawa kudzafika pa Nkaya, n'kukonzanso makilomita pafupifupi 100 a Nkaya mpaka Nayuchi. Njira yonse, yotalika makilomita 912, inatsegulidwa mwalamulo mu 2017, ndipo inakonzedwa kuti izitha kunyamula matani 18 miliyoni a malasha pachaka.

Tani imodzi ya malasha ikawotchedwa imatulutsa mpweya wa kaboni woposa matani awiri. Ndiye kuti dizilo amene mitu inayi ija imamwa paulendo wonse ndi kadontho chabe poyerekeza ndi utsi umene uli m'mabogimo, umene udzatuluke m'ng'anjo zosungunulira zitsulo ndi m'malo opangira magetsi ku India ndi maiko ena. Ngakhale titaika magetsi panjira yonseyi mawa, sitima ya malasha singatchedwe yosamala nyengo. Utsi umenewo sulembedwa m'kaundula wa Malawi, koma mlengalenga mulibe malire, ndipo chilala chimene chimapsereza chimanga ku Utale ndi ku Phalula sichifunsa kuti malashawo anawotchera kuti.

Eni ake oyamba anachoka. Mu 2021 Vale inalengeza kuti ikusiya malonda a malasha, ndipo china mwa zifukwa zimene inapereka chinali chofuna kuchepetsa kaboni pa ntchito zake. Mgodi ndi njanji zinagulidwa ndi kampani ya Vulcan, ya m'gulu la Jindal la ku India, pamtengo wa madola 270 miliyoni, ndipo malondawo anatsirizika mu 2022. Malasha akuyendabe, ndipo ayenda kwa zaka zingapo ndithu, makamaka osungunulira zitsulo. Koma mabanki ambiri aakulu asiya kubwereketsa ndalama ku migodi ya malasha, ndipo tsiku lina sitimazi zidzachepa. Ndalama zimene zimasamalira njanji ya Nayuchi lero, kulipira amisiri ndi kusintha zitsulo zotha, zambiri zimachokera ku malashawo. Akadzachepa, njanjiyo idzadya chiyani? Ngati pofika tsikulo katundu wathu adzakhale akadali pamsewu, udzu udzamera pa Namanja ngati mmene unamerera pa Bangula. Zaka zimene malasha akulipirabe njanjiyi ndizo zaka zathu zoidzazira ndi katundu wina.

Ndipo katunduyo alipo, ndipo wambiri ali konkuno. Nandolo wa ku Balaka, Machinga ndi Mangochi amagulidwa ku India, tsidya lina la nyanja yomweyo imene Nacala ali m'mphepete mwake. Thonje lilipo. Pa Liwonde pali fakitale yosakaniza feteleza. Miyala ya laimu ya ku Chenkumbi yakopa fakitale ya simenti. Pa phiri la Kangankunde kampani ya Lindian Resources ya ku Australia ikukonza mgodi wa miyala yosowa imene imapangira maginito a injini za galimoto zamagetsi ndi makina opukusa magetsi ndi mphepo. Zingakhale zomvetsa chisoni miyala yoti ikathandize dziko kusiya mafuta itatuluka m'boma la Balaka pa mathiraki a dizilo, njanji ili pafupi. Kumadzulo, njanji inalumikizidwa ndi Chipata mu 2010, ndipo Zambia ali ndi katundu wofuna doko. Doko lapamtunda la pa Liwonde, limene lakhala likukambidwa kwa zaka zambiri, ndi malo oyenera kukumaniranapo zonsezi.

Za magetsi

Sindikunena kuti sitima zamagetsi ndi maloto. Tanzania, mnansi wathu, anatsegula njanji yamagetsi kuchoka ku Dar es Salaam kukafika ku Dodoma mu 2024. Ethiopia ali nayo yopita ku Djibouti. India waika mawaya pafupifupi pa njanji zake zonse zikuluzikulu. Ku South Africa sitima zolemera za miyala ya chitsulo zochokera ku Sishen kupita ku Saldanha zimayendera magetsi. Koma Tanzania anamanga njanjiyo pamodzi ndi damu la Julius Nyerere la mamegawati 2,115. Ife magetsi athu onse sakufika ngakhale theka la pamenepo, ndipo namondwe Ana atagumula Kapichira mu Januwale 2022 tinataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Sitima yamagetsi ikaima pakati pa Liwonde ndi Nayuchi chifukwa magetsi azima, yatseka njira yonse, pakuti njanjiyi ndi ya mzere umodzi.

Phunziro lowawa lili ku Zimbabwe. Mu 1983 anaika magetsi pa njanji ya Harare mpaka Dabuka, pafupi ndi Gweru, makilomita oposa 300. Chuma chitavuta, magetsi anayamba kusowa, akuba anakolola mawaya a kopa, ndipo sitima zamagetsi zinaima. Lero panjirayo pakuyenda dizilo. Amalawi amene anagwira ntchito ku Harare zaka zimenezo anaziona ndi maso.

Komabe ngati pali boma m'dziko muno limene lingayambe kuganizira zimenezi mofatsa, ndi Balaka. Pa Phombeya pali siteshoni yaikulu yogawira magetsi imene inamangidwa ndi thandizo la Millennium Challenge Corporation ya ku America n'kutha mu 2018, ndipo ndi pomwepo pamene pakuthera mawaya a makilomita 218 ochokera ku Matambo ku Tete, olumikiza Malawi ndi magetsi a ku Mozambique. Kumunsi pa Shire kukukonzedwa damu la Mpatamanga la mamegawati 358. Ku Salima kuli munda wa magetsi adzuwa wa mamegawati 60, ndipo ku Golomoti kuli wina wa mamegawati 20 wokhala ndi mabatire. Onse awiri ali kufupi ndi njanji ya kumpoto. Magetsi athu ambiri ndi amadzi ndi adzuwa, choncho sitima yoyendera magetsi amenewa ingakhale yaukhondo zenizeni, kusiyana ndi ya ku South Africa imene magetsi ake ambiri ndi amalasha. Mawaya amabweza ndalama pokhapokha pamene sitima zikudutsa zambiri, ndipo panjira zathu zonse ndi chigawo cha Nkaya mpaka Nayuchi chokha chimene chili pafupi ndi muyeso umenewo. Izinso sizingachitike popanda Mozambique, chifukwa sitima yomweyo imayenda m'maiko awiri.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Zimene zili pamphuno lero n'zazing'ono koma n'zenizeni. Pa njanji ya mzere umodzi sitima zimadikirana pamalo opatukira, injini zikulira osayenda; kukonza bwino nthawi ndi kuika zida zozimitsa injini ikaima kumapulumutsa mafuta. Mitu yakale imene imakoka katundu wamba ndi anthu imamwa kwambiri kuposa yatsopano. Njanji yofooka imakakamiza woyendetsa kuchepetsa liwiro n'kukokanso, ndipo kukokako ndiko kumadya dizilo. Imakakamizanso kudzaza mabogi mwatheka. Bogi lobwerera ku Nacala lopanda kanthu ndi mafuta otayika. Mitu ya mabatire nayo yayamba kuoneka: mu 2021 kampani ya Wabtec inayesa umodzi ku California, utamangiriridwa pakati pa mitu ya dizilo, ndipo mafuta a sitima yonse anatsika ndi magawo 11 pa 100. Mutu wotere umadzitchaja sitima ikamagwira mabuleki potsetsereka. Ntchito yokankha ndi kusanja mabogi pa Nkaya, pa Liwonde kapena ku Limbe, imene siipita kutali, ndi poyambira pabwino.

Anthu a m'mbali mwa njanji

Madalaivala a mathiraki ndi eni ake ali ndi nkhawa yomveka, ndipo ambiri ndi abale athu amene akuphunzitsa ana ndi ntchito imeneyi. Sitima siifika pamsika wa Ulongwe kapena ku Mangochi. Feteleza akatsika pa Liwonde kapena pa Balaka adzafunabe thiraki yomufikitsa kumudzi, ndipo nandolo adzafuna thiraki yomubweretsa kusiteshoni. Maulendo aatali a kudoko, amene ambiri mwa iwo akuyendedwa kale ndi makampani akunja, ndiwo ayenera kuchepa. Maulendo aafupi am'dziko adzachuluka. Koma kusinthaku kuyenera kukambidwa nawo poyera, asadzangodzidzimuka.

Palinso sitima ya anthu yoyenda pakati pa Limbe, Balaka ndi Nayuchi. Kwa anthu a m'midzi ya kuvuma kwa Machinga, kufupi ndi nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta, imeneyi ndiyo njira yotsika mtengo yofikitsira mpunga, nsomba zouma ndi tomato kumsika, makamaka dzinja misewu yafumbi ikaterera. Imayenda mwa apo ndi apo poyerekeza ndi sitima za malasha zimene zimawadutsa tsiku ndi tsiku. Mayi wa ku Namanja amene amaona mabogi 120 akudutsa kuseri kwa nyumba yake, iye n'kukwera njinga yamoto ndi thumba la mpunga chifukwa sitima yake siibwera lero, ali ndi chifukwa chofunsira kuti njanjiyi ndi ya yani.

Funso limenelo lili ndi kokalifunsa. Makampani oyendetsa njanji amagwira ntchito pa mgwirizano ndi boma, kudzera ku unduna wa za mtengatenga, ndipo amalipira boma chifukwa chogwiritsa ntchito njirayi. Boma limatoleranso msonkho wa kaboni kuyambira mu 2019. Aphungu a ku Balaka ndi ku Machinga, makhonsolo awiriwa ndi mafumu a m'mbali mwa njanji ali ndi ufulu wopempha kuti chaka chilichonse zilengezedwe poyera: matani angati a katundu wa Malawi adutsa pa Nayuchi, malita angati a mafuta a NOCMA abwera pa sitima, maulendo angati patsiku asungidwira katundu wamba ndi anthu pakati pa sitima za malasha, ndi ndalama zingati mwa zimene boma latolera zapita kukalimbitsa milatho ya pakati pa Nkaya ndi Salima mvula isanayambe.